Intaneti ya pakhomo ndi TV zikundithera ndalama, anzanga a pa Zomba mukupanga bwanji?

Bambo_a_Chisomo

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere ndipo ndikufuna maganizo a anthu okhala konkuno ku Zomba, osati a ku Blantyre kapena Lilongwe chifukwa netiweki ya kumeneko ndi ya kuno sizifanana ayi.

Ine ndimakhala ku Matawale, nyumba ya lendi, tilimo ine, mayi akunyumba, ana atatu ndi agogo awo a anawa. Wamkulu ali ku Chanco amayendera kuchokera pakhomo, ndiye ma asayimenti ake onse ndi pa intaneti, mayi amagulitsa zitenje ndi nsapato pa WhatsApp ndiye zithunzi tsiku lonse, ine ndimatumiza malipoti a kuntchito madzulo, ang'onoang'onowa ndi makatuni. Aliyense amagula bandulo yakeyake pa foni, ikatha "adadi ndigawireni hotspot". Mwezi watha ndinakhala pansi kuwerengera mameseji a Mpamba ndi Airtel Money, mabandulo okha apitirira K70,000, kuphatikiza ya dikoda yadutsa K100,000, ndipo apo sindinawerengere mayunitsi a magetsi. Ndalama imeneyi kwa ine ndi yambiri zedi, sindingapitirize chonchi.

Ndiye ndikufunsa, kodi ndigule rauta imodzi tonse tizigwiritsa ntchito? Ya kampani iti yomwe ikugwira bwino mbali ya Matawale kuno? Mnzanga wina kuntchito akuti ndisiye kulipira dikoda, TV yanga ndi smart ndizingoonera zonse pa YouTube, kodi zimatchipadi? Komanso za Starlink zija anthu akuzitchula kwambiri, alipo ali nayo kuno atiuze zoona zake? Mpira wa ku England ndimaukonda koma ndikhoza kulolera, agogo okha MBC ndi mapemphero a pa TV asawasowe.

Che_Dishi_Chinamwali

Achimwene, ine ntchito yanga ndi yokhoma madishi ndi ma eriyo ndiye nyumba za mu Zomba muno ndalowa zambiri, ndiyambe ndi la mnzanu wa kuntchitoyo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri akugwera. Musasiye dikoda n'kumaonera TV pa intaneti ya bandulo. Vidiyo ndi yomwe imadya data kuposa china chilichonse. Netflix yokha imanena kuti ola limodzi limatha pafupifupi 1GB pa chithunzi wamba, pa HD mpaka 3GB, ndipo smart TV ikaona wayifayi imadzisankhira yokha chithunzi chapamwamba osakufunsani. Ndiye tangoganizani TV yayatsidwa ana atabwera kusukulu mpaka 9 koloko usiku tsiku lililonse, pamwezi ndi ma GB mazanamazana amenewo. Dikoda mumalipira kamodzi pamwezi, ngakhale iyake usana ndi usiku mtengo susintha. TV ikhale pa dikoda, intaneti ikhale ya sukulu, ntchito ndi geni ya mayi, mukasakaniza ziwirizi mulira.

Za rauta eee gulani, kugula bandulo imodzi yaikulu ya pamwezi kumatchipa pa GB iliyonse kusiyana ndi timabandulo ta tsiku ndi tsiku ta anthu anayi. Koma funso loti ya kampani iti palibe angakuyankheni pano ngakhale wa ku Matawale mnzanu. Zomba yakhala m'tsinde mwa phiri, malo ake ndi zitunda ndi zigwa, ndiye mupeza nyumba iyi Airtel ikuthamanga TNM ikukwawa, nyumba yachitatu kuchoka pamenepo zatembenuka. Ndinakhomapo dishi nyumba ina ku Mulunguzi komwe foni imagwira 4G pakhonde pokha, ukangolowa pabalaza yagwera pa 3G chifukwa cha mitengo ikuluikulu ija ndi makoma a nyumba zakale okhuthala aja.

Chomwe mupange ndi ichi musanatulutse ndalama. Tengani simu ya Airtel ndi ya TNM, poti m'nyumbamo muli mafoni angapo zonse zilipo kale, muike kabandulo kakang'ono pa iliyonse, mutsegule fast.com kapena Speedtest muyeze. Muyeze m'chipinda chilichonse makamaka pa mawindo, ndipo muyeze madzulo kuyambira 7 mpaka cha m'ma 10 chifukwa ndi nthawi yomwe aliyense ali pa foni ndipo nsanja imalemedwa. Ukayeza 6 koloko m'mawa zonse zimaoneka bwino, uko n'kudzinamiza. Yomwe ikukupatsani 5 Mbps kupita m'mwamba madzulo mosadukiza ndi yokwanira pa zomwe mwatchulazo, Zoom ndi Google Classroom ziyenda.

Rautayo muike pa windo loyang'ana komwe kuli nsanja, pamwamba, osati pansi pa TV kapena kuseri kwa firiji monga ndimapezera m'nyumba zambiri. Malata amatchinga siginolo, nthawi zina kungoisuntha mita imodzi basi zasintha. Ndipo mukamagula funsani ngati ili yokhoma kapena imalola simu iliyonse. Zomwe amagulitsa makampani a foni nthawi zambiri zimatchipa koma zimalandira simu yawo yokha, yosakhoma imakwererako mtengo koma tsiku lomwe netiweki imodzi yagwa mumangosintha simu. Ine ndimakonda yosakhoma.

China, bandulo akailemba kuti unlimited muwerenge timalemba tating'ono tam'munsi. Zambiri zimakhala ndi malire oti mukafika ma GB akutiakuti spidi amaitsitsa, kapena spidiyo ndi yochepetsedwa kale kuchokera pachiyambi. Funsani mu shopu momwemo akuuzeni nambala yake.

NaPhiri_wa_ku_Sadzi

Bambo a Chisomo, zomwe anena a Che Dishi ndi zoona koma ine ndionjezere za m'nyumba momwemo poti rauta ndili nayo ndipo ndinaona momwe data imathera anthu osadziwa. Vuto ndi lakuti foni ikalumikizidwa pa wayifayi imayesa kuti intaneti ndi yaulere. Play Store imayamba kupanga update ma app onse, Google Photos imayamba kukweza zithunzi ndi mavidiyo onse a mufoni, laputopu ya mwana wanu wa ku Chanco nayo Windows imakoka ma update a ma GB angapo mwakachetechete, inu mukungoona kuti bandulo ya mwezi yatha sabata yachiwiri n'kumati akuba. Ndiye tsiku lomwe rauta yalowa m'nyumba musonkhanitse mafoni onse patebulo. Pa Play Store muzimitse auto update, pa laputopu muyatse pomwe analemba metered connection, pa WhatsApp muchotse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha, makamaka foni ya mayi poti magulu a geni ndi a kumpingo amatumiza mavidiyo osawerengeka. Facebook nayo muiletse kuseweretsa mavidiyo yokha, YouTube ya ana muiike pa 360p, pa foni imaoneka bwinobwino ana sadandaula n'komwe.

Pasiwedi musaipereke kwa ana ang'onoang'ono pakamwa, muziwalembera nokha mufoni. Kwathu inatuluka kudzera mwa mwana, anauza mnzake mnzakeyo anauza achimwene ake, ndinangodabwa madzulo anyamata atatu atakhala pa mpanda wa kuseri mitu ili mu mafoni. Kunsi kwa rauta kumakhala ka pepala kolembedwa adilesi yoyamba ndi 192.168, mukailemba pa foni mumalowa mkati n'kuona mafoni onse omwe alumikizidwa, osawadziwa mumawatseka pomwepo.

Tsopano za TV. Ine ndinasiya zolipira phukusi lalikulu chaka chonse. DStv ndi GOtv ndi zolipiriratu, mwezi womwe simunalipire amangodula palibe ngongole, ndiye bwanji kulipira mwezi wa June ndi July pomwe ligi ya ku England kulibe? Imayamba August n'kutha May. Bambo akunyumba kwathu timachita kugwirizana, miyezi ya mpira wotentha timakwera phukusi, miyezi ina timatsika pa laling'ono lomwe lili ndi makatuni ndi matchanelo a kuno, ndipo nthawi ya mayeso a ana mwina osalipira n'komwe. Komanso muonetsetse phukusi lomwe mulipo, anthu ambiri amalipira Compact Plus chifukwa cha Champions League pomwe mpira wa Premier League uli kale pa Compact, ndiye ngati masewero a pakati pa sabata usiku simuonera kawirikawiri mukungotaya ndalama.

Za agogo musade nkhawa, MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi ena a mapemphero amapezeka pa dikoda ya Kiliye Kiliye ija, imagwira ndi eriyo basi siifuna dishi. Apongozi anga ali nayo kuchipinda kwawo ndi ka TV kakang'ono, mikangano ya limoti inatha. Chomwe ndikupempheni musamawaonetse agogo nkhani kapena maliro a anthu otchuka pa Facebook live pa foni, maola atatu amenewo ndi bandulo yonse.

Chikanda_Boy

Ankolo ine ndikuuzani straight, Starlink ndiye yankho. Pa hositelo yomwe ndimakhala ku Chikanda alandilodi anaika, tilipo anthu ambiri koma imakoka bwino, kutsitsa ma lekicha, YouTube, mpira, chilichonse osawerengera ma GB. Inalowa m'Malawi muno mu 2023 ndipo siidalira nsanja za pano, imalankhula ndi ma satelayiti mwachindunji ndiye zoti phiri latchinga netiweki kulibe, bola kumwamba kukhale koyera popanda nthambi za mitengo pamwamba pa dishi yake. Pali app yawo yomwe mumaloza kamera ya foni kumwamba n'kukuuzani ngati malowo ali bwino, mutha kuyesa lero lomwe musanagule kanthu.

Mukukumbuka May 2024 pomwe zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka intaneti n'kuvuta maiko angapo kuphatikizapo kuno? Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yaikulu, intaneti yathu imachita kudutsa ku Mozambique ndi ku Tanzania pa faiba, ndiye kukaduka kwina ife timavutika nawo. N'chifukwa chake ine ndimati ya kumwambayi ndi bho.

Zoona kugula zida zake ndi ndalama yambiri ndipo pamwezi si masewera, koma mukagwirizana ndi maneba awiri atatu n'kumasonkherana, aliyense amalipira zochepa kuposa K70,000 mukutaya pa mabanduloyo. Mungogula ka rauta kena kofalitsira wayifayi kufika nyumba zinazo. Mukatero ndi dikoda yomwe mutha kuitaya.

Mphunzitsi_Domasi

Mphwanga wa ku Chikanda, sindikutsutsa kuti chinthucho chimathamanga, ndachionapo pa ofesi ina kuno ndipo ndi chabwinodi. Koma iwe ukulankhula ngati munthu yemwe amangolandira pasiwedi, bambowa ndi omwe azitulutsa ndalama ndiye tiwauze mbali zonse.

Choyamba mtengo wa zinthu zochokera kunja umatsatira dola. Tonse tinaona November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti momwe zinthu zinasinthira, ndiye chomwe ukuchikwanitsa lero mwezi wa mawa ukhoza kuuzidwa mtengo wina, ndipo zida wagula kale sungazibweze. Izi n'chimodzimodzi ndi ma TV olipira, paja mkangano wa mitengo pakati pa MultiChoice ndi MACRA unafika poti mu August 2023 kampaniyo inalengeza kuti DStv ikuchoka m'Malawi, anthu anakhala ndi madishi padenga osadziwa kuti zitha bwanji mpaka anabwereranso kumapeto kwa chaka chomwecho. Ine phunziro lomwe ndinatengapo ndi loti usaike ndalama yambiri pa chida chomwe chimagwira ndi kampani imodzi yokha ngati thumba lako ndi lochepa.

Chachiwiri magetsi. Starlink yaikulu ija imadya mawatsi 50 mpaka 100, yaing'ono ya Mini ndiyo imatsikirako, pomwe rauta ya simu ndi mawatsi 10 kapena kucheperapo. Magetsi akathima rauta wamba imayaka maola angapo ndi ka mini UPS kakang'ono ka 12V, ndipo MiFi, rauta yaing'ono yoyenda nayo m'thumba ija, ili ndi batire yakeyake, koma Starlink ifuna batire yeniyeni ndi inveta kapena sola yamphamvu. Tisaiwale momwe tinakhalira mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mdima tsiku ndi tsiku. Ngati mwana wawo ali ndi asayimenti yoti atumize pofika 12 usiku magetsi kulibe, chomuthandiza ndi chomwe chikuyaka pa batire yaing'ono.

Ndiye pa zosonkherana ndi maneba, apa ndiye ndikukana kwambiri. Mwezi woyamba aliyense amalipira mosangalala, wachiwiri wina ali ndi maliro kumudzi, wachitatu wina akuti malipiro achedwa, koma biluyo ili m'dzina lanu ndipo tsiku lolipira silidikira munthu. Mukamudula neba wanu pa wayifayi mwayamba chidani ndi munthu yemwe mumapemphana naye moto ndi mchere. Ndaona mabanja awiri kuno ku Domasi omwe anasiya kulankhulana chifukwa cha nkhani ya mtundu womwewu, ya dikoda yogawana. Komanso malamulo a Starlink salola kugulitsa intaneti ya pakhomo kwa ena, ndipo kuchita bizinesi yogulitsa intaneti m'dziko muno kumafuna laisensi ya MACRA, ndiye zikayamba kuoneka ngati geni mukhoza kulowa m'mavuto. Pa nyumba ya lendi muonjezerepo zoti alandilodi avomere kuboola ndi kukhoma padenga.

Ine maganizo anga, Starlink ndi ya munthu yemwe ntchito yake imamulipira kudzera pa intaneti tsiku lonse, kapena ali kumalo ngati ku Chingale kuseri kwa phiri komwe netiweki ya foni ndi yosadalirika. Wa ku Matawale wofuna WhatsApp, imelo ndi sukulu ya mwana ayambe ndi rauta ya simu. Ndipo mwana wa ku Chancoyo azitsitsa mabuku ndi mavidiyo akuluakulu ali pa kampasi pa wayifayi ya sukulu, pakhomo azingowerenga.

Bambo_a_Chisomo

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso makamaka pa za ma update zija mayi NaPhiri, ndayang'ana foni ya mayi akunyumba ndapeza WhatsApp yokha yadya ma GB ochuluka kuposa mafoni ena onse. Dzulo madzulo tinayeza monga munanenera a Che Dishi, simu imodzi ikupereka pakati pa 7 ndi 9 Mbps pa windo la kuchipinda kwa anyamata, inayo siikudutsa 2 paliponse, ndiye ndadziwa kolowera. Starlink ndaiika kaye pambali.

Funso lina, pali munthu akugulitsa rauta ndi dikoda zogwiritsidwapo kale ntchito pa gulu lina la Facebook la zogulitsa za mu Zomba, mtengo ndi theka. Ndigule kapena ndi msampha? Komanso dishi yanga mvula ikangoyamba chithunzi chimaduka, ndiye ngati ndikulipira ndikufuna ndizioneradi.

Che_Dishi_Chinamwali

Zakale zimagulika achimwene koma osatumiza ndalama pa foni musanachione chinthucho, amenewo ndi omwe akubera anthu kwambiri, amati tumizani theka ndikutumizireni pa minibasi kenako nambala yazimitsidwa. Mukumane masana poonekera, kaya pa depoti kaya pafupi ndi msika waukulu, koma bwino kwambiri mupite komwe kuli soketi muyese. Rauta muikemo simu yanu yomwe yapambana ija muone ngati ikuilandira ndipo ikulemba 4G kapena LTE, zina zomwe zikuzungulira ndi zakale za 3G zokha, zimenezo ngakhale akupatseni ulere musatenge. Muone chaja yake ngati ndi yoyenera, mavoti olembedwa pa chaja afanane ndi olembedwa kunsi kwa rauta, ndipo mukafika nayo kunyumba mubaye ka bowo ka reset ndi phini n'kuika pasiwedi yanu. Ngati ndi MiFi tsegulani kumbuyo muone batire, ikakhala yotupa isiyeni.

Dikoda ndiyo yofuna kusamala chifukwa imakhala yolembetsedwa m'dzina la munthu. Mutenge nambala yake mufunse kwa ma ejenti kuti ili m'dzina la ndani ndipo kusintha umwini kumafuna chani, mwini wake akhalepo ndi chitupa chake. Akayamba kuzemba pamenepo dziwani kuti mwina ndi yobedwa. Koma inu dikoda muli nayo kale, ngati ndi ya agogo mukufuna ingogulani Kiliye Kiliye yatsopano ndi eriyo yake, musanagule muone kaye kwa neba yemwe ali nayo kuti ikugwira bwanji dera lanulo. GOtv nayo ndi ya eriyo, lamulo lake ndi lomwelo.

Za kuduka kwa chithunzi, mvula yamphamvu imatchingadi siginolo ya satelayiti ndipo Zomba mvula yake mukuidziwa, pamenepo palibe m'misiri angaletse, mumangodikira idutse. Koma ngati ikuduka ndi kamvula kowaza kapena mitambo chabe ndiye kuti dishi yasuntha kapena pali polowa madzi. Lowani pa menyu ya dikoda muone signal quality tsiku lopanda mitambo, ikakhala yotsika kale ndiye kuti mvula ikungomalizitsa. Nthawi zambiri ndimapeza zinthu zitatu, mabawuti amasuka ndi mphepo ya mu October ndi November, kapu ya LNB (kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi) yang'ambika ndi dzuwa madzi akulowa, kapena polumikizira waya pachita dzimbiri poti anangomanga ndi pepala la pulasitiki m'malo mwa tepi yoyenera. Zonsezi ndi zotchipa kukonza, musalole wina akuuzeni kuti mugule dikoda yatsopano asanakwere padenga kukaona. Dishi ikakhala yaing'ono ija ya 60cm, kusintha kuika ya 90cm kumathandiza kwambiri nyengo ya dzinja. Muonenso ngati mtengo wa mango kapena wa peyala sunakule n'kufika kutsogolo kwa dishi, anthu amaiwala kuti pomwe ankakhoma mtengowo unali waufupi.

Ndipo poti tikulowa m'nyengo ya mvula, ziphaliwali za kuno zimaotcha madikoda ndi marauta chaka chilichonse, mwezi wa December ndi January ndimalandira mafoni ambiri a zimenezi. Gulani ka surge protector ka TV kaja muike pa soketi, koma kukayamba kugunda kwenikweni zulani pulagi kukhoma ndipo muchotsenso waya wochokera ku dishi kapena ku eriyo kumbuyo kwa dikoda, chifukwa moto umatha kulowera ku waya ameneyo ngakhale soketi ili yozimitsa. Muwauzenso ana ndi agogo poti nthawi zambiri mvula ya masana imagwa inu muli kuntchito.